Impso ilipo, koma thupi likuikana

Pali uthenga umene madokotala a impso sakonda kupereka. Si uja wonena kuti impso zasiya kugwira ntchito ayi. Umenewo wodwala amakhala ataumva kalekale, ndipo wayamba kuzolowera kugona pambali pa makina otsuka magazi, maola anayi, kawiri kapena katatu pa sabata. Uthenga wovutawo umabwera pambuyo pake, banja litakhala pansi ndipo wodzipereka atapezeka. Bambo wa pakhomo wanena kuti, "Mayi a ana asazunzike chonchi ine impso ndili nazo ziwiri." Amuyeza BP, shuga, mtima, chiwindi, zonse zili bwinobwino. Kenaka zotsatira za magazi zafika kuchokera ku labotale, dokotala n'kunena kuti impso ya bambowa ilibe vuto lililonse, koma m'thupi la akazi awo singalowe. Atati aiikemo, ingade bii wodwala akadali pa tebulo la opaleshoni.

Zoterezi si zapatalipatali. Mwa anthu atatu alionse amene amadzipereka kupatsa wokondedwa wawo impso, pafupifupi mmodzi amapezeka kuti sakugwirizana naye. Kale nkhani inkathera pomwepo: wopereka kubwerera kwawo, wodwala kubwerera ku makina. Lero pali njira ziwiri zotulukira. Ina ndi kulimbana ndi thupi mpaka ligonje. Inayo ndi kulilambalala, kusinthana impso ndi banja lina limene nalonso lakanidwa. Njira yoyambayo ndi ya mankhwala, yachiwiriyo ndi ya masamu ndi kukhulupirirana, ndipo chimene chandidabwitsa n'chakuti kawirikawiri yachiwiriyo ndiyo imapambana.

Mipanda iwiri

Mpanda woyamba ndi gulu la magazi, chinthu chimene Karl Landsteiner adatulukira ku Vienna mu 1901. Zizindikiro za A ndi B ndi timashuga tomata kunja kwa maselo ofiira a magazi, koma tilinso pa maselo oyala m'kati mwa mitsempha ya impso. Munthu wa gulu A amakula ali ndi ma antibody, timapuloteni ta chitetezo cha m'thupi, olimbana ndi B. Wa gulu B ali ndi olimbana ndi A. Wa gulu O ali ndi olimbana ndi onse awiri, kuyambira ali khanda, asanathiridweko magazi a munthu aliyense. Choncho wa O angapereke impso kwa aliyense koma amalandira kwa wa O mnzake yekha, pamene wa AB amalandira kwa onse. Zija za "positive" ndi "negative" zimene timaziwerengera pothira magazi, pa impso sizilowa.

Mpanda wachiwiri ndiwo wautali. Maselo athu ali ndi zizindikiro zina zotchedwa HLA, zokhala ngati mphini zimene makolo athu ankatema kumaso kuti munthu adziwike kwawo. Theka timatengera kwa bambo, theka kwa mayi, ndipo mitundu yake ndi masauzande ambiri. Abale a bere limodzi amakhala ndi mwayi umodzi mwa inayi woti afanane ndendende. Kusiyana HLA pakokha si tsoka. Mankhwala a masiku ano amathana nako, n'chifukwa chake mwamuna ndi mkazi osakhala pachibale amapatsana impso n'kukhala nayo zaka zambiri. Tsoka limabwera pamene thupi lidakumanapo kale ndi HLA ya munthu wina n'kuipangira ma antibody. Galu wa pakhomo amauwa mlendo aliyense, koma amene adamugendapo mwala samuiwala fungo.

Kukumanako kumachitika m'njira zitatu: kuthiridwa magazi, kuikidwa chiwalo cha munthu wina, ndi kutenga pakati. Apa ndi pamene nkhani ya banja lija ikuwawa. Mwana ali m'mimba amanyamula theka la zizindikiro za bambo ake, ndipo thupi la mayi limaziona, makamaka pa nthawi yobereka pamene magazi a awiriwa amakhudzana. Mimba iliyonse imaonjezera phunzirolo. Mayi amene waberekera mwamuna wake ana anayi angakhale ndi chitetezo chimene chakonzekera kumenyana ndi impso ya mwamuna yemweyo, ngakhalenso ya ana amene adawabereka yekha. Kwathu kuno, kumene mwamuna pamudzi pa mkazi wake ndi mkamwini ndipo mwini mbumba ndi mlongo wake wa mkaziyo, wina angaseke n'kunena kuti magazi akuvomereza mwambo: impso ya mlongo imalowa, ya mkamwini ikubwezedwa pa chipata. Koma kusekako sikuchedwa kutha ukaona kuti amayi ndiwo amachuluka pakati pa odwala ovuta kuwapezera impso, pamene ndi amayi omwewo amene amachuluka pakati pa opereka.

Opaleshoni yoyamba ya impso imene idayenda bwino idazemba mipanda yonse iwiriyi. Pa 23 December 1954, ku Boston, Joseph Murray adaika mwa Richard Herrick impso yochotsedwa mwa Ronald Herrick, mapasa ofanana zonse, kotero thupi silidaone mlendo. Pamene madokotala adayamba kuika impso za anthu osafanana, ena mwa odwala ankataya impsoyo nthawi yomweyo: akangomasula mitsempha kuti magazi alowe, impso imene imayenera kufiira inkachita mawangamawanga, kenaka n'kuda. Mu 1969, Ramon Patel ndi Paul Terasaki a ku Los Angeles adaonetsa chimene chinkachitika. Adasakaniza madzi a m'magazi a wolandira ndi maselo oyera a wopereka. Mwa impso 30 zimene kuyeza kumeneku kudaonetsa mkangano, 24 zidafa nthawi yomweyo. Mwa impso 195 zimene sikudaonetse mkangano, zidafa motero 8 zokha. Kuyeza kumeneku, kotchedwa crossmatch, kudakhala lamulo padziko lonse, ndipo kwa zaka zambiri mawu ake anali omaliza.

Kugumula mpanda

Amene adayamba kugumula mpanda wa gulu la magazi mwadala anali Guy Alexandre wa ku Belgium, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980. Ankasefa ma antibody m'magazi a wodwala, n'kumuchotsanso kapamba, chifukwa maselo ambiri opanga ma antibody amakhala mmenemo. Koma dziko limene lidaigwira ntchitoyi ndi manja awiri ndi Japan, kuyambira mu 1989. Kumeneko ziwalo za anthu omwalira zimapezeka mwa apo ndi apo, ndiye wodwala wopanda m'bale wogwirizana naye magazi analibe kolowera. Njala idawaphunzitsa: lero pafupifupi impso zitatu mwa khumi zilizonse zochokera kwa amoyo ku Japan zimadutsa mpanda wa gulu la magazi. Mu 2001, Gunnar Tydén ndi anzake ku Stockholm, Sweden, adaonetsa kuti kapamba angasiyidwe. M'malo mwake amapereka rituximab, mankhwala opha maselo amene akadakula n'kudzapanga ma antibody, ndipo magazi amawadutsitsa m'kasefa kamene kamakola ma antibody a A kapena a B okha, kusiya ena onse.

Kuti adziwe ngati asefa mokwanira amachita zofanana ndi kusungunula Sobo. Madzi a m'magazi amawathira madzi ena muyezo wofanana, kenaka n'kubwerezanso, 1:2, 1:4, 1:8, mpaka pamene sakuundanitsanso maselo a wopereka. Munthu amene mphamvu yake imamvekabe pa 1:512 ali ndi ulendo wautali. Zipatala zambiri zimafuna atsike kufika pa 1:8 kapena 1:16 tsiku la opaleshoni lisanafike. Masabata awiri oyambirira ndiwo oopsa. Akadutsa amenewo pamachitika chinthu chimene asayansi akadakanganabe za gwero lake: ma antibody aja amabwerera m'magazi, impso ikadali ndi zizindikiro zake zachilendo, koma ndewu siyambanso. Galu uja wazolowera mlendo.

Mtengo wake ulipo, ndipo walira mvula walira matope. Chitetezo chimene chafooketsedwa kuti chisalume impso sichilumanso tizilombo. Matenda opatsirana amachuluka, kutaya magazi pa opaleshoni kumachuluka chifukwa kusefa kumachotsanso zoundanitsa magazi, ndipo chaka choyamba impso zotayika zimakhala zochulukirapo. Kafukufuku wa mu 2018 wa Annelies de Weerd ndi Michiel Betjes a ku Rotterdam, wophatikiza zotsatira za zipatala zambiri, adapeza kuti pakutha chaka impso 96 mwa 100 zodutsa mpanda wa gulu la magazi zinali zikugwirabe ntchito, poyerekeza ndi 98 mwa zogwirizana. Kusiyanako n'kochepa koma n'kwenikweni. Kwa ife a kumene chifuwa chachikulu, malungo ndi matenda a chiwindi a hepatitis B zili pakhomo, kufooketsa chitetezo mopitirira si nkhani yoipeputsa. Komabe mpanda uwu ndi wodumphika, ndipo mu 2023 chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town chidaudumpha pogwiritsa ntchito kasefa ka ku Sweden kaja.

Mpanda wa HLA sugonja choncho. Ma antibody ake amapangidwa ndi maselo okhwima obisala m'kati mwa mafupa, amene amakhala zaka zambiri ndipo rituximab sawakhudza. Ungasefe lero, sabata yamawa abwerera, ndipo impso siyanjana nawo monga imachitira ndi a gulu la magazi. Amadya timitsempha take pang'onopang'ono, mwakachetechete ngati chiswe, mpaka patapita zaka zingapo impso yatha. Robert Montgomery pachipatala cha Johns Hopkins adakonza njira yosefa madzi a m'magazi mobwerezabwereza n'kumathira ma antibody osonkhanitsidwa kwa anthu ambiri athanzi; Stanley Jordan pachipatala cha Cedars-Sinai ankathira omwewo pa mlingo waukulu. Posachedwapa kwabwera imlifidase, yochokera ku kachilombo koyambitsa zilonda za kukhosi, imene imadula ma antibody pakati m'maola ochepa. Mayiko a ku Ulaya adailoleza mu 2020, koma chilolezocho n'cha impso za omwalira, ndipo ma antibody amayamba kuphukanso pakatha sabata imodzi kapena awiri.

Kodi n'koyenera kudzivutitsa choncho? Pano pali mayankho awiri amene amaoneka ngati akutsutsana. Mu 2016, Babak Orandi, Dorry Segev ndi anzawo adalondola odwala 1,025 m'zipatala 22 za ku America amene adalandira impso yosagwirizana nawo HLA. Patatha zaka 8, okwana 76.5 pa 100 alionse anali moyo. Mwa anzawo ofanana nawo amene adadikira pa mzere, ena n'kudzalandira impso ya womwalira, anali moyo 62.9, mwa amene sadalandire konse, 43.9. Chaka chotsatira, ku Britain, Miriam Manook ndi anzake adafunsa funso lomwelo pa odwala 213 ndipo sadapeze kusiyana kulikonse pa kutalika kwa moyo. Palibe amene adalakwitsa. Ku Britain odikira pa makina amakhalitsa kuposa a ku America, choncho kudikira sikupha msanga. Phindu la opaleshoni yoopsa limayezedwa ndi kuopsa kwa chimene ukuthawa. Kumene makina ndi ochepa ndipo odwala amatsukidwa magazi kosakwanira, sikeloyo imapendekera kwina.

Msintho

Ganizo lolambalala mpanda lidalembedwa ndi Felix Rapaport, dokotala wa ku New York, mu 1986, ndipo n'losavuta moti mwana wa sukulu ya pulayimale angalimve. Banja lina mwamuna ndi wa gulu A, mkazi wodwala ndi wa B. Banja linanso wopereka ndi wa B, wodwala ndi wa A. Apingasitse. Aliyense wapereka impso imodzi monga ankafunira, aliyense wodwala wake walandira impso yogwirizana naye, ndipo palibe amene wasefedwa magazi kapena kuchotsedwa kapamba. Oyamba kuchita zimenezi anali a ku South Korea mu 1991. Ku Switzerland zidachitika mu 1999, ku America mu 2000, ndipo mu 2004 dziko la Netherlands lidakhazikitsa kaundula mmodzi wa zipatala zake zonse zoika impso. Ku Britain lamulo lidatsegula chitseko mu 2006, msintho woyamba udachitika mu 2007, ndipo mu 2019 impso zodutsa m'njirayi zidapitirira 1,000.

Amene adachitapo msintho wa kumudzi akudziwa vuto lake. Uli ndi chimanga ukufuna mchere; sikokwanira kupeza wa mchere, uyenera kupeza wa mchere amene akufuna chimanga. Ndalama zidabwera kudzathetsa vuto limeneli, koma impso sigulitsidwa. Pafupifupi mayiko onse amaletsa, kupatula Iran. Ku America komweko lamulo la 1984 loletsa kugula ziwalo lidachititsa zipatala zina mantha, poganiza kuti kupereka impso kuti ulandire impso ndi malonda ndithu, mpaka nyumba ya malamulo idamasulira mu 2007 kuti msintho si malonda. Msika wopanda ndalama ndiwo udakopa akatswiri a zachuma. Mu 2004, Alvin Roth, Tayfun Sönmez ndi Utku Ünver adalemba mmene kompyuta ingasankhire misintho pakati pa mabanja ambiri kuti opindula achuluke. Roth adalandira mphoto ya Nobel mu 2012 pamodzi ndi Lloyd Shapley. Ku Britain kompyuta imafufuza kanayi pa chaka, pogwiritsa ntchito masamu a David Manlove ndi anzake a ku yunivesite ya Glasgow.

Mphamvu yonse ili m'kuchuluka. Mabanja 10 akhoza kulumikizidwa awiriawiri m'njira 45. Mabanja 100, njira 4,950. Mabanja 1,000, njira 499,500. Ndipo sikuti azikhala awiri okha: woyamba apereke kwa wachiwiri, wachiwiri kwa wachitatu, wachitatu abweze kwa woyamba. Mayi amene ma antibody ake amakana anthu 99 mwa 100 alionse alibe chiyembekezo m'gulu la mabanja khumi, koma m'gulu la mabanja mazana angapo wake amakhalamo.

Tsopano tifike pa chipeleganyu. Aliyense amene adalowapo m'gulu losonkherana ndalama mwezi ndi mwezi amamudziwa munthu uja amene amalandira koyamba kenaka foni yake osapezekanso. Pa impso palibe pangano limene khoti lingakakamize; munthu ali ndi ufulu wosintha maganizo mpaka mphindi imene akumugonetsa tulo. Tsono banja lina litapereka Lolemba, lina n'kuthawa Lachiwiri, oyambawo ataya zonse: impso yapita, wodwala sadalandire, ndipo alibenso choti adzasinthanitse. N'chifukwa chake maopaleshoni a msintho amayambira limodzi, madokotala akuimbirana foni kuti onse agonekedwa asanagwire mpeni. Mabanja awiri amafuna zipinda zinayi za opaleshoni ndi magulu anayi a madokotala nthawi imodzi, mabanja atatu zisanu ndi chimodzi. Malire ake amafika msanga.

Chidamasula mfundoyi ndi anthu a mtundu wina, amene amangofika pachipatala n'kunena kuti akufuna kupereka impso kwa aliyense wovutika, osamudziwa. Poyamba madokotala ankawakayikira mutu. Koma taonani chimene munthu wotere amachita pa mzere. Iye apereka kwa wodwala wa banja loyamba. Banjalo lalandira kale, ndiye wopereka wake apereka kwa lachiwiri, lachiwiri kwa lachitatu. Palibe banja limene likupereka lisanalandire. Wina akathawa panjira, unyolo waduka, n'zoona, koma banja lotsatira likadali ndi impso yake m'thupi ndipo lidzalowa unyolo wina. Kuchitira limodzi sikufunikanso. Michael Rees wa ku Toledo, Ohio, adayambitsa unyolo wotere mu July 2007, kuchokera kwa mnyamata wa zaka 28 wa ku Michigan, ndipo m'miyezi 8 anthu 10 adalandira impso. Mu 2011 bungwe la National Kidney Registry lidalumikiza anthu 60 m'zipatala 17: impso 30 m'miyezi inayi, zambiri zikuyenda m'mabokosi a ayezi pa ndege zonyamula anthu wamba. Othawa amakhalapo, koma ndi ochepa kuposa mmene ankaopera.

Ena adapitiriza ganizoli mpaka pa kupatsa n'kuika kwenikweni. Mu 2014, ku Los Angeles, gogo wina wa zaka 64 anali ndi mdzukulu wa zaka 4 wodwala impso, amene adzafune ina mtsogolo, gogoyo atakalamba kosatheka kupereka. Adapereka nthawi yomweyo kwa mlendo, mdzukuluyo n'kupatsidwa chikalata chomuika patsogolo tsiku limene adzafune.

Msintho uli ndi otsalira ake. Oyamba ndi a gulu O. Wopereka wa O nthawi zambiri amagwirizana ndi wodwala wake, amapereka mwachindunji, salowa m'kaundula. Olowamo ambiri ndi odwala a O okhala ndi opereka a A kapena B, ndiye amaunjikana ngati osaka mchere pamsika wa chimanga chokhachokha. Mankhwala ake ndi kupempha mabanja ogwirizana kale kuti nawonso alowe, mwina n'kupeza impso ya munthu wocheperapo zaka kapena yofanana nawo kwambiri HLA, uku akumasula mnzawo womangika. Otsalira ena ndi aja okana pafupifupi munthu aliyense. Kwa amenewa njira ziwirizi zimaphatikizidwa: kompyuta ifufuze impso imene thupi likuikana pang'ono chabe, kenaka asefe zotsalazo. M'kuona kwanga dongosolo labwino ndi limenelo. Yamba wafufuza msintho, upatse kompyuta miyezi ingapo. Zikakanika, dumpha mpanda wa gulu la magazi. Wa HLA ukhale wotsiriza.

Khomo lothawira limene latsekeka

Pali mbali ina imene imanenedwa monong'ona. Kale kusagwirizana magazi kunali pobisalira. Mchemwali amene akuluakulu a banja adamuloza chala, iye mumtima akuchita mantha, ankapuma mpweya wabwino akamva kuti gulu lake ndi lina. Palibe ankamunena. Lero dokotala akhoza kuyankha kuti zimenezo si vuto, tisinthanitsa. M'mabanja mwathu, momwe mawu a malume ndi ovuta kuwakana ndipo amene alibe ntchito kapena mwana amaonedwa ngati ndiye woyenera kupereka, kutsekeka kwa khomo limeneli n'koopsa. Zipatala zolongosoka zimamufunsa woperekayo payekha, ndi munthu amene sali m'gulu losamalira wodwalayo, ndipo akanena kuti sakufuna, banja limangouzidwa kuti sali woyenera kupereka, osatchula chifukwa.

Mantha akewo si opanda pake. Kafukufuku wamkulu wa ku America wa mu 2010 adapeza kuti opereka pafupifupi 3 mwa 10,000 alionse ankamwalira m'miyezi itatu ya opaleshoni, ndipo chiwerengerochi chatsika kuchokera nthawi imeneyo. Impso yotsalayo imakula n'kusenza gawo lalikulu la ntchito, koma mwayi woti nayonso idzafooke mtsogolo umakwera pang'ono, makamaka kwa anthu akuda. Wopereka m'msintho amasenza zonsezi kaamba ka munthu amene mwina sadzamuona nkhope.

Ndipo kumene kuli kusowa, amalonda safuna kuitanidwa. Ku Durban, pakati pa 2001 ndi 2003, impso zopitirira 100 zidagulidwa kwa anthu osauka, ambiri a ku Brazil, n'kuikidwa mwa odwala olemera ochokera kunja, zikalata zikunena kuti ndi pachibale. Chikalata cha ku Istanbul cha 2008 chidalembedwa pofuna kuthetsa zoterezi. N'chifukwa chake padabuka mkangano waukulu pa zimene gulu la Rees lidachita mu 2015: lidatenga banja la ku Philippines, logwirizana magazi koma losowa ndalama, n'kulilowetsa mu unyolo wa ku America, wodwalayo n'kulandira impso ndi mankhwala ulere. Oikira kumbuyo, kuphatikizapo Roth, adati umphawi nawo ndi mpanda monga gulu la magazi, ndipo onse apindula. Otsutsa adati uku n'kukolola impso za gulu O m'mayiko osauka. Ine mtima wanga umagawanika. Banjalo lidapulumuka ndithu. Koma ndikaganiza za amene angaime pakati pa dongosolo lotere ndi mudzi wa ku Nsanje kapena ku Chipata, wolemba maina ndi wosaina zikalata za chibale, tsitsi limandiimirira.

Kwathu

Mmalawi amene impso zafa amadalira makina a zipatala zikuluzikulu za boma monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, kapena a zipatala zolipira, ndipo amene adaikidwapo impso adachita kupita kunja, ambiri ku India. Anansi athu adayambapo: Tanzania ku Muhimbili mu 2017, Zambia ku University Teaching Hospital ku Lusaka mu 2018. Abale athu a ku Britain ali m'dziko la kaundula wamphamvu, ngakhale odwala akuda kumeneko amadikira nthawi yaitali impso ya womwalira, chifukwa gulu B ndi mitundu ina ya HLA n'zofala pakati pawo kusiyana ndi pakati pa opereka ambiri.

Wina angati nkhani ya msintho ndi ya mayiko okhuta. Ine ndikuona mosiyana. Kusefa ma antibody ndiko kumafuna ndalama zambiri, labotale yoyeza tsiku ndi tsiku, ndi chipatala chokonzeka kulimbana ndi matenda obwera pambuyo. Msintho mtengo wake ndi wa opaleshoni wamba. Ku Ahmedabad, chipatala cha boma cha impso kumene amagwira ntchito Vivek Kute chachita misintho mazanamazana, pa odwala ambiri osauka, pa chifukwa chomwechi. Chimene msintho umafuna ndi mndandanda wa mabanja, lamulo lomveka bwino, ndi anthu okhulupirira kuti chiwalo chochoka m'thupi lawo chikupita kumene auzidwa. Chachitatuchi n'cholemera kwa mtundu umene mu 2017 udaona anthu akuphedwa ku Mulanje ndi Phalombe pa mphekesera za anamapopa, ndiponso umene walira abale achialubino ophedwa chifukwa cha ziwalo zawo.

Pali zina zimene zili m'manja mwathu lero lomwe. Impso zikafooka magazi amachepa, chifukwa impso ndizo zimatumiza uthenga ku mafupa kuti apange maselo ofiira. Jakisoni wa erythropoietin amalowa m'malo mwa uthengawo, koma ndi wodula, ndipo akasowa chotsala ndi kuthira magazi. Botolo lililonse limapulumutsa moyo wa lero, komanso limaphunzitsa thupi HLA ya munthu winanso. Mayi wa ana asanu amene wathiridwa magazi kangapo akudikira ndalama za ulendo akhoza kufika ku India mpanda wake utatalika kuposa tsiku limene adayamba kusonkha. Ndipo gulu la magazi la wodwala ndi la wopereka limayezeka pachipatala chachikulu cha boma chilichonse, munda usanagulitsidwe, tikiti isanadulidwe.

Lamulo la India, monga lidakonzedwera mu 2011, limalola msintho pakati pa mabanja awiri, bola m'banja lililonse wopereka ndi wodwala akhale pachibale chenicheni chimene lamulolo limatchula: kholo, mwana, m'bale wa bere limodzi, mwamuna kapena mkazi, gogo kapena mdzukulu. Mlendo amafunika kalata ya ofesi ya kazembe wa dziko lake yotsimikiza chibalecho. Koma lamulo lomwelo limaletsa Mmwenye kupereka chiwalo kwa mlendo amene si m'bale wake. Choncho banja la ku Area 25 limene lauzidwa ku Delhi kapena ku Chennai kuti silikugwirizana silingalowe m'gulu la mabanja a kumeneko. Losinthana nalo liyenera kukhala lochokera kunja ngati ilo lomwe. Mwina ndi la ku Nigeria kapena ku Kenya limene lagona m'chipinda choyandikana. Mwinanso ndi la bambo wina amene Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse amagona pa makina a pambali ku Kamuzu Central, amene mkazi wake, gadiyani wake, amakhala pa benchi imodzi panja ndi mwamuna wa mayi wodwala wa ku Area 25 uja, akucheza za mtengo wa feteleza, wina wa gulu A, wina wa gulu B.